Kutsata ndodo ya lacrosse: masiku 7 kuchokera ku Baltimore mpaka ku Denver

Lolemba, Baltimore

Tabwera mu Epulo mwadala. Matimu a mayunivesite amayamba kupikisana mu Febuluwale, a sekondale a kumpoto amadikira Malichi kuti chipale chisungunuke, ndipo ikamakwana Juni pafupifupi onse amakhala atapachika ndodo. Epulo ndiye mwezi umene bwalo lililonse lili ndi anthu.

Poyambira ndi pa Homewood Field, bwalo la Johns Hopkins University. Si lalikulu, anthu 8,500 akalowa ndiye kuti ladzaza. Koma sukuluyi ili ndi timu ya lacrosse kuyambira 1883, inaimira dziko la America pamene masewerawa ankaonetsedwa ku Olimpiki mu 1928 ndi 1932, ndipo yatenga zikho 9 za NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite. Pa masewera ena onse Hopkins ili mu Division III, gawo limene salipirira munthu sukulu chifukwa cha luso la m'bwalo. Pa lacrosse pokha ndi pamene ili mu Division I, gawo lapamwamba.

Kwa amene sanaonepo masewerawa, bwalo lake ndi la mamita 100 m'litali ndi 55 m'lifupi. Timu ya amuna imakhala ndi osewera 10: atatu kutsogolo, atatu pakati, atatu otchinga kumbuyo ndi goloboyi. Aliyense ali ndi ndodo ya kaukonde kumutu, ndipo mpira, wa labala yolimba gwa, wolemera magalamu pafupifupi 145, amaunyamula, kuuponya ndi kuuwakha ndi kaukondeko. Ndodo yaifupi ndi ya masentimita 102 mpaka 107. Yaitali, ya otchinga, imafika 183, ndipo timu siloledwa kulowetsa zazitali zoposa zinayi nthawi imodzi. Golo ndi la mamita 1.83 m'mwamba ndi m'mbali momwe, ndipo silili pamzere wakumapeto ngati la mpira wamiyendo. Analilowetsa mkati ndi mamita pafupifupi 14, motero kuseri kwa golo nakonso amasewerako.

Lamulo limene limasokoneza mlendo msanga ndi la mpira wotuluka. Munthu akaponya pagolo n'kuphonya, mpira n'kutuluka kunja, sapereka kwa timu inayo ayi. Umapita kwa timu ya wosewera amene anali pafupi kwambiri ndi pamene watulukirapo. N'chifukwa chake nthawi zonse pamakhala wina ataima kuseri kwa golo ngati wosowa chochita. Iyeyo akazengereza kuthamangira kumzere, goloboyi amamudutsa, mpira walandidwa.

Lina ndi la poyambira. Chigoli chikalowa, mpira sapatsa ogoletsedwawo. Amaukhazika pakati pa bwalo, anthu awiri n'kuwerama ndodo zili pansi, wezulo ikalira n'kulimbirana. Amati face-off. Timu yokhala ndi katswiri wa zimenezi imatha kumwetsa zigoli zinayi kapena zisanu motsatizana anzawo asanaukhudze n'komwe mpirawo. Katswiriyo ntchito yake ndi yomweyo basi: akaulanda amapatsira mnzake, iye n'kuthamangira kunja kuti alowe wina. Kuyambira 2019 palinso wotchi: timu ili ndi masekondi 80 oti ikhale itaponya pagolo, ndipo 20 oyambirira ndi oti idutse mzere wapakati. Lisanabwere lamuloli, timu yotsogola inkangopatsirana kuti nthawi ithe, oonerera akuyasamula.

Madzulo takwera Charles Street wapansi. Theka la ola silinathe tili kale pa Loyola University Maryland, imene inatenga chikho mu 2012. Kumpoto pang'ono kuli Towson, kumwera chakumadzulo kuli UMBC, ndipo Navy ku Annapolis ndi Maryland ku College Park ndi ulendo wa ola limodzi pagalimoto kapena kucheperapo. Matimu 6 a Division I m'kadera kamodzi. Nambala imeneyi muisunge, tidzaifuna Lamlungu.

Lachiwiri, Sparks ndi masukulu a kumpoto kwa mzinda

Likulu la USA Lacrosse, bungwe loyang'anira masewerawa mu America, lili ku Sparks, makilomita pafupifupi 30 kumpoto potsata msewu wa I-83. Linasamukira kumeneko mu 2016, pamodzi ndi nyumba yosungiramo mbiri ya masewerawa. Mukalowamo musathere nthawi pa zikho. Pitani pamene pali ndodo, chifukwa nkhani ya kufalikira kwa lacrosse yagona pamenepo.

Mpaka m'ma 1960 ndodo inali yamtengo, yosemedwa pamanja, ndipo zambiri zinkachokera kwa amisiri a mtundu wa Mohawk ku Akwesasne, m'malire a Canada ndi America. Inali yolemera, mbali imodzi ya mutu inali mtengo ndipo inayo zingwe zoluka, ndiye panalibe ziwiri zofanana. Ikathyoka, wosewera ankatha milungu kuti azolowere ina. Mu 1970 kampani ya STX ya konkuno ku Baltimore inatulutsa mutu wapulasitiki, wopepuka, wofanana mbali zonse, woti ugwire ndi dzanja lililonse. Kuchokera pamenepo mphunzitsi wa ku Ohio kapena ku Colorado ankatha kuitanitsa ndodo 40 zofanana, zikafika n'kuyambitsa timu.

Masana ndi nthawi ya sekondale. Anyamata a masukulu apulayiveti a kuno amasewera mu MIAA A Conference, kawirikawiri Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo ambiri amaiona kuti ndi ligi ya sekondale yovuta kuposa zonse. Muli Gilman, Boys' Latin, St. Paul's, McDonogh, Calvert Hall, Loyola Blakefield, St. Mary's ya ku Annapolis ndi ena ochepa. Mphamvu yake si kuchuluka kwa ana. N'kuti mulibe sabata yopumira: timu yakumunsi kwa tebulo imatha kugwetsa yapamwamba popanda wodabwa. Makochi ambiri anasewerapo ku yunivesite ndipo amaphunzitsanso m'kalasi pasukulu pomwepo. Mwana amagwira ndodo ali ndi zaka zisanu kapena 6 m'matimu a m'dera, ndiye pofika ku sekondale manja onse awiri amakhala atapsa kale. Zimachita kuonekera pa nthawi yotenthetsa thupi: mphindi khumi akupatsirana, mpira osagwa pansi.

Ulemerero umenewu uli ndi mtengo wake. Ena mwa masukuluwa fizi imapitirira madola 30,000 pachaka, ndipo ngakhale chigawo cha Maryland chinalengeza mu 2004 kuti lacrosse ndiwo masewera ake a timu, kwenikweni ndi masewera a madera olemera a kumpoto kwa mzinda. Morgan State, yunivesite ya anthu akuda ya mumzinda momwemu, inali ndi timu kuyambira 1970, ndipo mu 1975 inagonjetsa Washington and Lee yomwe inali imodzi mwa matimu amphamvu kwambiri nthawi imeneyo. Timuyo inatha mu 1981. Panapita zaka 35 kuti yunivesite ina ya anthu akuda, Hampton ya ku Virginia, ilowe mu Division I mu 2016.

Atsikana mbiri yawo ndi ina. Masewera awo anayambira ku Scotland, pasukulu ya St Leonards mu 1890, ndipo Rosabelle Sinclair, amene anaphunzira kumeneko, ndiye anawabweretsa pa Bryn Mawr School kuno mu 1926. Amasewera 12 mbali iliyonse, sagundana matupi, ndipo amangovala zoteteza maso ndi mano. Thumba la ndodo yawo ndi losaya moti mpira uyenera kuonekera pamwamba pa mphepete mwa mutu. Thumba losaya limataya mpira msanga, choncho mtsikana amaphunzira kuugwedeza bwino ndi dzanja kusiyana ndi mnyamata wamsinkhu wake amene thumba lakuya limamubisira zolakwa. Atsikana a McDonogh anapambana masewera 198 motsatizana kuyambira 2009, mpaka Notre Dame Prep, ya m'dera lomweli, inawaimitsa mu 2018. Dziko lonse linalephera, anawagwetsa ndi aneba.

Lachitatu, Long Island

Sitima ya Amtrak imatenga maola osakwana atatu kuchoka ku Baltimore kufika ku Penn Station mu New York. Pamenepo mumakwera ya Long Island Rail Road yopita ku Port Washington n'kutsika pa Manhasset.

Kuno zinthu zimatembenuka. Kupatula Chaminade ndi St. Anthony's zachikatolika, mphamvu ili m'masukulu aboma: Manhasset, Garden City, Ward Melville, Massapequa ndi ena ambiri. Manhasset ndi Garden City akhala akukumana kuyambira 1935 pa mpikisano wotchedwa Woodstick Classic, ndipo Jim Brown, amene dziko limamudziwa ndi mpira wa ku America, anasewera lacrosse pa Manhasset asanapite ku Syracuse. Chinsinsi chake n'chosabisika. Tauni imakhala ndi sekondale imodzi, ana a tauniyo amasewera limodzi kuyambira ku pulayimale, ndipo makochi a ana amaphunzitsa kaseweredwe komwe kali ku sekondaleko. Pofika zaka 16 mnyamata amadziwa kumene mnzake athamangire osamuyang'ana. Kuti timu ikafike ku mpikisano wa chigawo chonse cha New York iyenera kupambana kaye m'boma lake, Nassau kapena Suffolk, kenako n'kugonjetsa katswiri wa boma linalo. Nthawi zambiri masewera ovuta amathera pachilumba pomwepa.

Chofunika kuona kuno si bwalo koma khoma. Kuseri kwa sukulu iliyonse kuli khoma la njerwa lokhala ndi timadontho takuda ta mpira. Kaphunziridwe kake n'kotere. Umaima mamita anayi kapena asanu kuchoka pakhomapo, utavala magolovesi, chifukwa ndodo imamveka mosiyana m'dzanja lopanda kanthu. Umasankha njerwa imodzi yolingana ndi mutu wako. Kumanja 50, kumanzere 50, kenako 50 zowakha ndi dzanja lina n'kuponya ndi linalo, kenako 50 zobweza pompo osagwedeza ndodo, n'kumalizira ndi dzanja limodzi kuti mkono ulimbe. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Zolakwika zake n'zodziwika: kuima chifuwa chili kukhoma m'malo moima chammbali, kumata zigongono m'nthiti, ndi kuukhapa mpira pouwakha m'malo moulandira mofewa ngati dzira. Woukhapa amaumva ukugunda pulasitiki kuti khwa, n'kudumphira pansi. Mpira wakale nawo umanamiza. Labala ikakalamba imaterera, mpira umachoka msanga m'thumba n'kuuluka pamwamba, mwana n'kuyamba kukonza dzanja lomwe linalibe vuto.

M'sitolo za zamasewera za kuno mumakhala munthu woluka matumba, ndipo ndi bwino kuima n'kumuonerera. Ukonde amaumangirira ndi chingwe chapamwamba, ziwiri za m'mbali ndi chapansi, kenako amapingasa zingwe zoponyera, zomwe lamulo limati zisatsike kupitirira masentimita 10 kuchoka kunsonga. Zingwe za m'mbali ndizo zimasankha pamene mpira ukhale. Wakutsogolo wothamanga ndi dzanja limodzi amafuna thumba lakumunsi, woponya patali amafuna lakumtunda. Mukakoka kwambiri chingwe choponyera chakumunsi, mpira umakodwa n'kulunjika pansi. Mukachimasula kwambiri umagunda pulasitiki yakunsonga. Mvula ikagwa ukonde umatamuka, thumba n'kuzama, ndipo woimbira akaipingasa ndodoyo n'kuona mpata pakati pa mpira ndi mphepete yapansi ya mutu, wosewera amakakhala panja, chigoli chimene wangomwetsa n'kufufutidwa.

Lachinayi, msewu wa ku Syracuse

Maola pafupifupi asanu pagalimoto, mbali yaikulu pa I-81, ndipo kuzizira kumawonjezeka mukamakwera. Ku Syracuse kumagwa chipale choposa mamita atatu pachaka. Matimu a sekondale amayamba kukonzekera m'holo zamasewera ndi m'malo oimikapo magalimoto, ndipo pulasitiki ikazizidwa imauma, mutu wa ndodo umathetheka ukagundidwa. Timu yochenjera imayenda ndi mitu yapadera yolukidwa kale.

Ku Camillus, kumadzulo kwa mzinda, kuli West Genesee, sukulu yaboma imene pansi pa kochi Mike Messere inatenga zikho 15 za chigawo cha New York, n'kupambanapo masewera 91 motsatizana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kaseweredwe kake kanalibe zokometsera: kutola mpira wapansi ndi manja awiri, kupatsira woyandikana naye, kubwereza mpaka zilowe m'magazi.

Yunivesite ya Syracuse yomwe ili pafupi pomwepo inatchuka ndi zosiyana kwambiri ndi zimenezo, liwiro ndi masanje. Imasewera m'bwalo lofolera limene linatsegulidwa mu 1980, lomwe kale linkatchedwa Carrier Dome, ndiye chipale sichiikhudza. Ili ndi zikho 10 za NCAA, ndipo cha 1990 chinafufutidwa m'mabuku ngakhale kuno amachiwerengabe. Mu 1988 Gary Gait, wa ku Victoria ku Canada, anadumpha kuchokera kuseri kwa golo n'kulowetsa mpira ali m'malere, mpaka akuluakulu anakhazikitsa lamulo loletsa. Pano ndiye kochi wa timuyi. Chakumwera ku Ithaca kuli Cornell, imene inatenga chikho choyamba cha NCAA mu 1971 ndi cha 2025, ndipo ku Geneva kuli Hobart, imene inatenga cha Division III zaka 12 zotsatizana, 1980 mpaka 1991.

Lachisanu, Onondaga

Mphindi zochepa kumwera kwa Syracuse, mukapatuka pa I-81 pafupi ndi Nedrow, mwalowa m'dziko la eni masewera. A Onondaga ndi umodzi mwa mitundu 6 ya Haudenosaunee, pamodzi ndi Mohawk, Oneida, Cayuga, Seneca ndi Tuscarora. Dzina loti lacrosse anapereka ndi Afalansa m'zaka za m'ma 1600, ndipo malamulo olembedwa anakonza ndi dokotala wa mano wa ku Montreal, William George Beers, mu 1867. Koma kwa eni akewa ndi masewera a Mlengi, ndiponso mankhwala: amatha kuwasewera pofuna kuti wodwala achire, ndipo pamenepo zigoli sizikhala nkhani. Mwana wamwamuna amapatsidwa kandodo kamtengo ali khanda, ndipo munthu amaikidwa m'manda ndi ndodo yake. Mlendo asajambule mwambo kapena kugwira ndodo ya munthu asanapemphe.

Ndodo yamtengo imatenga pafupifupi chaka kuti ithe. Amadula mtengo wa hickory wowongoka, wopanda mfundo, n'kuuwaza m'litali motsata mitsempha yake, osati kuucheka, chifukwa thabwa locheka limathyoka popinda. Amausema mbali ya kumutu kuti upyapyale, amauumika, amaufukiza ndi nthunzi mpaka ufewe, n'kuupinda pachikombole kuti ukhote ngati ndodo ya agogo. Amaumanga ndi waya n'kuusiya miyezi yambiri. Mukafulumira kumasula, umawongoka. Kenako amausalaza ndi mpeni wokoka ndi manja awiri, kuboola mabowo, n'kuluka ndi zikopa ndi zingwe. Alf Jacques, mmisiri wotchuka wa kuno amene anamwalira mu 2023, anagwira ntchito imeneyi moyo wake wonse.

Mu Onondaga Nation Arena amasewera mtundu wina, box lacrosse, umene unayamba ku Canada m'ma 1930 pofuna kugwiritsa ntchito mabwalo a hockey m'chilimwe. Amasewera 6 mbali iliyonse, onse ndodo zazifupi kupatula goloboyi, bwalo lazunguliridwa ndi matabwa moti mpira sutuluka, ndipo timu ili ndi masekondi 30 okha. Golo ndi la mamita pafupifupi 1.2, ndipo goloboyi atavala zake amalidzaza lonse. Mwana wokulira m'menemu amaukhudza mpira kambirimbiri kuposa wa pabwalo lalikulu. Amaphunzira kuwakha ali pakati pa anthu atatu, kunamiza goloboyi kawiri asanaponye, ndi kutchingira mnzake njira kuti amasuke. Sasintha dzanja: wamanzere amakhala mbali imene ndodo yake yaloza pakati, wamanja mbali inayo. Akapita pabwalo lalikulu golo la mamita 1.83 limamuonekera ngati chipata cha khola. Chimene chimamuvuta ndi mtunda wothamanga ndi ndodo zazitali zija.

Abale a Thompson anakulira kuno. Lyle ndi Miles, akusewera ku yunivesite ya Albany, anagawana mphoto ya Tewaaraton ya wosewera wabwino koposa mu 2014, ndipo Lyle anaitenganso yekha mu 2015. Kuyambira nthawi imeneyo makalabu ambiri a ku America anayamba kulowetsa ana awo mu box nyengo yozizira.

A Haudenosaunee ali ndi timu yawoyawo ya dziko kuyambira 1983, ndipo amayenda ndi mapasipoti awo. Mu 2010 Britain inakana mapasipotiwo, timu n'kulephera kukasewera mpikisano wa dziko lonse ku Manchester. Mu 2014, 2018 ndi 2023 inathera pa nambala 3, pambuyo pa America ndi Canada, mayiko a anthu mamiliyoni.

Loweruka, Denver

Ndege ya m'mawa, ndipo masana tili pamtunda wa mamita 1,600. Mpweya ndi wopepuka, osewera apakati ochokera kunyanja amatha mafuta msanga, ndiye matimu obwera kuno amasinthana pafupipafupi.

Peter Barton Lacrosse Stadium ya University of Denver inatsegulidwa mu 2005 ndipo mumalowa anthu pafupifupi 2,000. Mu 2009 sukuluyi inakopa kochi Bill Tierney, amene anali atatenga zikho 6 ku Princeton, ndipo mu 2015 inakwapula Maryland 10-5 m'ndime yotsiriza ku Philadelphia. Aka kanali koyamba kuti chikho cha amuna chichoke kum'mawa. Koma taonani mayina a timuyo. Trevor Baptiste wa face-off anachokera ku New Jersey, Wesley Berg wa zigoli anachokera ku Coquitlam ku Canada ali wa box, ndipo goloboyi Ryan LaPlante ndiye anali mwana wa Colorado. Chikho chinapita kumadzulo, koma manja ambiri amene anachinyamula anaphunzirira kwina. Notre Dame ya ku Indiana, imene inatenga cha 2023 ndi 2024, nayonso inadalira kwambiri ana a kum'mawa, otchuka kwambiri ali abale a Kavanagh a ku Long Island.

Kukula kwenikweni kukuoneka ku sekondale. M'chaka cha sukulu cha 2018 mpaka 2019 bungwe la masewera a sekondale la NFHS linawerenga anyamata oposa 110,000 ndi atsikana pafupifupi 100,000, ndipo nambala imeneyi sikuphatikiza zigawo ngati Texas kumene bungwe la masukulu aboma silinavomereze lacrosse, matimu n'kumayenda ngati makalabu. Ku Colorado kuno mayina ndi Cherry Creek, Regis Jesuit, Valor Christian ndi Kent Denver. Ku Texas ndi Highland Park ndi Dallas Jesuit, ku California ndi St. Ignatius ndi Torrey Pines, ku Florida ndi St. Andrew's ya ku Boca Raton. Matimu amenewa akapita kum'mawa sachititsa manyazi.

Vuto limayamba mukatsika pa timu yachisanu kapena yachikhumi. Ana ndi aatali, amphamvu, othamanga, ambiri ochokera ku mpira wa ku America, koma ena agwira ndodo koyamba ali ndi zaka 14. Woyang'ana bwino asaone wogoletsa, aone gulu lachiwiri la apakati likalowa, aone dzanja lamanzere, aonenso chimene anthu asanu opanda mpira akuchita. Kumeneko n'kumene kusiyana kuli. Lamulo la sekondale limati kusiyana kukafika zigoli 12 m'chigawo chachiwiri wotchi isaimenso, ndipo m'madera atsopano lamuloli limagwira ntchito kawirikawiri. Timu yabwino ikapambana chotero sabata ndi sabata siphunzira kanthu, mwina kupatula ulesi.

Lamlungu, Denver

M'mapaki a kunja kwa mzinda makalabu a ana ali pakalikiliki. Kuyambitsa timu si ndodo zokha. Mnyamata amafunika chisoti, magolovesi, zoteteza mikono, zoteteza mano ndi zapachifuwa, ndipo chisoti chokha chimatha kufika madola 300. Zapachifuwazo musagule zakale pamsika wa kaunjika: kuyambira 2021 kwa magoloboyi ndi 2022 kwa anyamata onse, ziyenera kukhala za muyezo watsopano woteteza mtima, chifukwa mpira ukagunda pachifuwa pa kamphindi kolakwika mtima umatha kuima. Pamafunikanso oimbira awiri kapena atatu pa masewera aliwonse, ndipo dera latsopano limapeza ana msanga kuposa oimbira ndi makochi. Kochi amakhala kholo lomwe laphunzira pa YouTube usiku wathawu.

Makolo ambiri pano akuthamangitsa malo ku yunivesite. Kale makochi ankalonjeza malo kwa ana a zaka 13 kapena 14, mpaka mu 2017 NCAA inaletsa kulankhula ndi mwana isanafike 1 Seputembala ya chaka chake chachitatu ku sekondale. Komabe makochiwo amaonera ana pa mipikisano ya m'chilimwe, ndipo yaikulu yambiri imachitikira ku Maryland, Pennsylvania ndi Long Island. Banja la ku Baltimore limapita pagalimoto n'kukagona kwawo. La ku Denver limalipira ndege ndi hotelo kangapo pachaka. Ndipo kwa zaka zambiri timu ya amuna ya Division I inkaloledwa ndalama zolipirira sukulu anthu 12.6 okha, zogawana anyamata oposa 40, moti ambiri zimene anawononga ku kalabu sizibwerera.

Chitseko cha atsikana n'chachikulu. Lamulo la Title IX la 1972 limafuna kuti mayunivesite apereke mwayi wofanana kwa amuna ndi akazi, ndipo sukulu yokhala ndi anyamata 100 a mpira wa ku America imapeza kuti timu ya lacrosse ya atsikana ndi njira yachangu yolinganizira. Ndiye mu Division I matimu a akazi ndi oposa 120, a amuna sanafike 80. Northwestern ya pafupi ndi Chicago inayamba kutenga zikho za akazi mu 2005, zaka khumi Denver isanatero, ndipo Stanford, USC, Oregon, Colorado ndi Florida onse ali ndi matimu a akazi opanda a amuna. Anyamata a masukulu amenewo amasewera m'ligi ya makalabu ya MCLA, akudzilipirira okha.

Lacrosse ikubwerera ku Olimpiki ku Los Angeles mu 2028, mwa mtundu wa osewera 6 mbali iliyonse ndi wotchi ya masekondi 30, wofuna anthu ochepa ndi bwalo laling'ono. Koma mzinda wochititsa masewerawo, ndi California yense, ulibe timu ya amuna ya Division I ngakhale imodzi. Kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi alipo atatu: Denver, Air Force ku Colorado Springs, makilomita pafupifupi 90 kuchokera pano, ndi Utah, imene inalowa mu 2019, makilomita oposa 800. Denver imasewera m'ligi ya Big East, ndiye masewera ake akoyenda ndi a ku Washington, Philadelphia, New York, Providence ndi Milwaukee, onse pandege. Mawa m'mawa tikwera imodzi mwa ndege zomwezo kubwerera ku Baltimore.